Thandizo la boma: lokakamiza ntchito kapena lopanda chokakamiza?

Mu 1996, Pulezidenti Bill Clinton anasaina lamulo loti ku America makolo osauka olandira thandizo la boma azigwira ntchito kapena kuisaka, ndipo ndalamazo zisapitirire zaka zisanu. Olandira anachepa kwambiri. Koma taganizirani mayi amene wachezera usiku wonse ndi mwana wotentha thupi, m'mawa walephera kukaonekera ku ofesi yopereka thandizolo, thandizo n'kudulidwa. Amene agone ndi njala ndi mwanayo, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima.

Ine ndimakonda zimene anayesa ku Finland mu 2017 ndi 2018, ngakhale zimadya ndalama. Anthu 2,000 osowa ntchito ankalandira mayuro (ndalama za ku Ulaya) 560 pamwezi, osafunsidwa kanthu, ndipo akapeza ntchito ndalamazo sizinkadulidwa. Opeza ntchito sanachuluke kwenikweni, koma ankati nkhawa zawachepera.