Hull-House ku Chicago: Malo Olemekeza Ntchito ya Mayi Jane Addams

Nyumba yosungiramo mbiri ya Jane Addams Hull-House Museum ili pa 800 South Halsted Street, m'kati mwa yunivesite ya Illinois ku Chicago, m'dziko la America, ndipo munthu akatsika sitima ya Blue Line pa siteshoni ya UIC-Halsted amakafika wapansi posakhalitsa. Malowa ndi ochepa, nyumba ziwiri zokha, koma ndikulimbikitsa aphunzitsi, ochita kafukufuku ndi onse amene amatumiza ophunzira kukagwira ntchito pakati pa anthu kuti akawaone.

Mayi Addams ndi anzawo Ellen Gates Starr adatsegula Hull-House mu 1889, potengera chitsanzo cha Toynbee Hall ku London, kumene anthu ophunzira ankakhala pakati pa amphawi monga anansi awo. M'chipinda cham'mwamba chimene Mayi Addams ankagona, mlendo amaona mendulo ya mtendere ya Nobel imene adalandira mu 1931, ndiponso mapepala amene a FBI, bungwe la boma la America lofufuza milandu, ankalembamo za iwo powakayikira, makamaka chifukwa chotsutsa nkhondo. Oyang'anira malowa adaganiza bwino poonetsa zonse ziwiri, pakuti ulemu wa Nobel udadza mayiwa atakalamba, zaka zinayi asadamwalire, pamene chitonzo adachisenza nthawi yaitali.

Chimene chimandikhutiritsa kwambiri ndi mamapu a m'buku la Hull-House Maps and Papers la mu 1895. Ochita kafukufuku, motsogozedwa ndi Florence Kelley wa pa Hull-House, adayenda khomo ndi khomo m'dera lawo, kufunsa mtundu wa anthu a pabanjapo ndi ndalama zimene ankapeza pa sabata, kenako nyumba iliyonse adaipaka utoto pamapu malinga ndi mayankhowo. Ukawerama ndi kuyang'anitsitsa, umaona timagawo ting'onoting'ono tamitundumitundu titathithikana pa nyumba imodzi, kusonyeza kuti anthu ochokera ku Italy, ku Russia, ku Poland ndi ku Ireland ankakhala mopanikizana zedi. Kafukufuku wa amayi a pa Hull-House sadathere m'kabati. Mayi Kelley adakhala mkulu woyendera mafakitale m'chigawo cha Illinois mu 1893, Alice Hamilton adafufuza matenda amene antchito ankatenga ku mtovu, ndipo Julia Lathrop adakatsogolera ofesi ya boma yoona za ana mu 1912. Katswiri wamaphunziro John Dewey, amene maganizo ake ndi maziko a kuphunzira kudzera mu kutumikira anthu, ankabwera pano kawirikawiri. Ndimayamikira kuti malowa satama munthu mmodzi yekha, koma amatchula amayi onsewa ndi ntchito zawo, chifukwa Mayi Addams sakadatha okha.

Pali mbiri ina yowawa imene mlendo ayenera kuidziwa. Hull-House inali ndi nyumba 13, ndipo mu 1963 nyumba 11 zidagwetsedwa pokonza malo omangapo yunivesite, mabanja ambiri a m'deralo nasamutsidwa ngakhale Florence Scala, mayi wa m'deralo, ndi anansi ake adalimbana nazo mpaka kukhoti. Zidatsala ndi nyumba imene Charles Hull adamanga mu 1856 ndi chipinda chodyera. Kachifaniziro ka nyumba zonsezo kamene kali m'katimo kamathandiza kumvetsa kukula kwa zimene zidatayika, ndipo ndikuganiza kuti wophunzira aliyense wokonzekera kukatumikira anthu ayenera kuimapo kanthawi, adzifunse kuti sukulu yake imakhala bwanji ndi anansi ake.

Zambiri pano ndi zowerenga, zithunzi ndi makalata, choncho ana aang'ono akhoza kutopa msanga, ndipo wosadziwa Chingerezi amafunika womumasulira. Ndi bwino kuona kaye pa intaneti masiku amene amatsegula, kupempha wokuperekezani ngati muli gulu, ndi kupatula maola awiri kuti mamapuwo muwaone mosathamanga.