Thandizo la Victorian Rabbit Action Network pothana ndi akalulu: kodi likugwira ntchito?

Ku Victoria, m'dziko la Australia, kalulu ndi mdani wa mlimi. Anachulukana kuchokera kwa ochepa omwe Thomas Austin anamasula pafupi ndi Winchelsea mu 1859, ndipo lero lamulo la 1994 limakakamiza mwini malo aliyense kulimbana nawo. Victorian Rabbit Action Network, yomwe inakhazikitsidwa mu 2014, sigwirira munthu ntchito pamunda pake. Imaphunzitsa alimi, magulu a anthu odzipereka osamalira nthaka otchedwa Landcare ndi ogwira ntchito m'boma kuti athane nawo limodzi. Ife tikuona kuti mphamvu yake ili pamenepa, chifukwa ukapha akalulu kwako kokha, a kwa mnansi amadzalowa m'mauna omwewo miyezi isanathe.

Chomwe amaphunzitsa bwino koposa ndi ndondomeko. Choyamba kuwerenga akalulu: mumayenda njira imodzimodzi usiku ndi tochi yamphamvu, masiku angapo otsatizana, mauna onse n'kuwalemba pa RabbitScan, pulogalamu ya pafoni yosonyeza pamapu pomwe pali akalulu. Kenako nyambo, kuyambira Febuluwale mpaka Epulo, udzu utauma, akalulu ali ndi njala komanso asakuswana. Mumayamba ndi karoti kapena oats wopanda poizoni, kawiri kapena katatu, kuti azolowere ndiponso mudziwe kuchuluka komwe akudya. Ambiri amadumpha gawo limeneli, n'kumadabwa poizoni atatsala pansi osakhudzidwa.

Pafupi ndi nyumba amalangiza poizoni wotchedwa pindone, chifukwa galu akadya mwangozi dokotala wa ziweto amamupulumutsa ndi vitamini K1. Koma pindone sapha tsiku limodzi. Amathiridwa katatu, kutalikirana masiku 3 mpaka 5, ndipo kalulu amafa pakadutsa sabata kapena ziwiri. Wosiyira panjira wangotaya ndalama. Poizoni wina, wotchedwa 1080, ndi wamphamvu, alibe mankhwala ochotsera, ndipo amafuna chilolezo.

Ntchito yeniyeni ndi kugumula mauna. Kalulu wa ku Ulaya ameneyu amaberekera pansi, bere lake ndi la mwezi umodzi wokha, ndiye una ukatsala ntchito yonse yabwerera pambuyo. Buludoza kapena thirakitala imang'amba nthaka mozama masentimita 60 kapena kuposa, mizere yotalikirana masentimita 50, kupitirira mamita 4 kuchokera pa khomo lomaliza, kenako n'kudutsanso mopingasa. Musanayambe, pititsani agalu m'tchire kuti akalulu athawire pansi. Dothi likakhala lonyowa siligumuka, limangosiya ngalande zomwe akalulu amatsegulanso mosavuta. Milu ya mitengo ndi zitsamba za blackberry nazonso zichotsedwe, pakuti ndi mobisalira. Una womwe watsegukanso amaufukiza ndi mapiritsi a aluminium phosphide, makomo onse atatsekedwa.

Timayamikira kuti gululi sililonjeza zozizwitsa pa kachilombo kopha akalulu ka RHDV1 K5, komwe kanamasulidwa mu Malichi 2017. Anthu amakakonda chifukwa n'kosavuta: kusakaniza ndi karoti, kuika madzulo dzuwa litalowa, ntchentche n'kumafalitsa. Vuto n'lakuti tiana ta kalulu sitifa nako, timangopeza chitetezo cha moyo wonse. Kukathira nthawi yoswana ndi chimodzimodzi kuwabaya katemera. M'madera ozizira a mvula yambiri mulinso kachilombo kena kosapha, RCV-A1, komwe kamateteza akalulu pang'ono. Musanathire K5, oweta akalulu pakhomo ayenera kuuzidwa msanga kuti abayitse awo katemera.

Zofooka zilipo. Maphunziro ndi abwino, koma buludoza imadula, ndipo mwini kamunda kakang'ono sangakwanitse yekha pokhapokha anansi asonkherane kuitana makina kamodzi. Gululi lilibe mphamvu yokakamiza mnansi wokana, kapena yemwe amakhala ku Melbourne n'kumabwera mwa apo ndi apo. Mphamvuyo ili ndi Agriculture Victoria, nthambi ya boma yoona za ulimi. Pamchenga, pomwe kalulu amakonda kukumba, pamapezekanso malo opatulika a eni nthaka a Aboriginal, choncho makina salowa musanafunse chilolezo, ndipo zimenezi zimatenga nthawi. Mauna a wombat, nyama yotetezedwa yomwe nayonso imakumba pansi, ayenera kuzindikiridwa kuti asagumulidwe.

Mu 2019 ntchitoyi inalandira mphotho ya United Nations Public Service Award. Kwa gulu la anansi okonzeka kubwereza kuwerenga ndi kufukiza chaka ndi chaka, tikulimbikitsa kulowamo. Kalulu mmodzi pa mahekitala awiri ndi wokwanira kudya mphukira zonse za mitengo ina yachilengedwe, choncho kuwachepetsa ndi theka sikubwezeretsa nkhalango.