Pulambala wa ku Area 25 amene anatitsegulira chimbudzi

Chimbudzi chathu kuno ku Area 49 chinatseka Lachisanu usiku, pomwe apongozi anali kubwera Loweruka kuchokera ku Mchinji. Ukafulasha, madzi amakwera mpaka m'milomo mwa mbale, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono ngati akukuseka.

Ndinapopa ndi chopopera cha labala chomwe ndinagula ku Malangalanga mpaka mikono kuwawa. Bambo a ana anathiramo caustic soda, koma chomwe tinapindula ndi maso kuyabwa basi.

Nambala ya pulambalayu anandipatsa aneba. Anati afika 8 koloko, koma anatulukira 10 itadutsa, ali pa kabaza, atamanga mtolo wa ndodo zakuda ndi mphira. Osaimba n'komwe kuti achedwa. Apa pokha sindimukhululukira.

Ntchito ndiye amaidziwa. M'bafa sanaloweko. Atangopereka moni anafunsa kuti, "Mayi, manhole yanu ili pati?" Amanena dzenje lovundikira la panja lomwe paipi ya kuchimbudzi imadutsamo. Zaka zitatu ndili pa nyumbayi, koma ndinachita kufunafuna. Inali kuseri, pomwe ndinasanjapo miphika ya maluwa. Atavundukula chivundikiro, inali yodzaza tho, fungo lake losaneneka. Anandifotokozera kuti ikapezeka youma ndiye kuti chotseka chili pakati pa mbale ndi manhole, koma ikadzaza chonchi vuto lili kutsogolo, polowera ku sepitiki. Ndiye kuti kupopa kwanga konse kuja ndimangovutitsa mbale yosalakwa.

Anayamba kulumikiza ndodo zija imodziimodzi n'kumakankhira m'paipi, akupotoza chakumanja kokhakokha. Nditafunsa, anati ukapotoza chakumanzere ndodo imamasuka polumikizira n'kutsalira m'kati, ndiye mavuto amasanduka awiri. Pa ndodo yachisanu ndi chimodzi anakumana ndi chinthu cholimba. Anabweza, n'kumangirira kachitsulo kopotana kumapeto, n'kubwezeranso. Patapita mphindi zochepa madzi onse anatsika ndi mkokomo.

Zomwe anakoka ndinachita nazo manyazi. Mizu yopyapyala ngati tsitsi, ya mtengo wa mango uli pampanda, itakulungana ndi mawaipisi a mwana wanga. Mizuyo inalowa polumikizira paipi ya PVC ya 110mm pomwe guluu sanagwire bwino, ndipo mawaipisi amakodwa pamenepo mpaka njira kutsekeka. "Mayi, izi sizisungunuka ngati tishu, muzitaya m'bini," anatero osakweza mawu, osandiyang'ananso kumaso. Anawonjeza kuti ndiwauze abambo asiye caustic soda, amaotcha manja a amene akudzatsegula, komanso tisamathire madzi owira m'mbale chifukwa itha kung'aluka.

Anatchula K30,000, tinagwirizana K25,000, ndinamutumizira pa Airtel Money ali pomwepo. Chomwe chinandinyansa n'chakuti zonyansa anakokazo anazisiya mulu pambali pa mpanda. Ndinachita kukumba dzenje ndekha, apongozi atakhala kale pakhonde akumwa tiyi.

Ndingamuitanenso, ndipo nambala yake ndapereka kale kwa anthu awiri a kutchalitchi. Mungomuuza nthawi yoyambirira kuposa yomwe mukufuna, ndipo za kuyeretsa mugwirizane asanayambe.

Anachenjeza kuti mizu idzabwereranso ngati polumikizira paja sipakumbidwa n'kukonzedwa. Alandilodi ndinawatumizira zithunzi pa WhatsApp sabata ziwiri zapitazo. Anawerenga, sanayankhe.