Kasitima kokwera phiri ku Aberystwyth, musakaphonye

Anzanga apa Zomba amene mukupita kusukulu kapena kukaona abale ku Wales, mukafika ku Aberystwyth chonde musabwerere musanakwere Cliff Railway, ndikunenetsa. Ndi kasitima kokokedwa ndi chingwe, kamanyamukira kumapeto kwa msewu wa m'mbali mwa nyanja nkukwera phiri la Constitution Hill. Anakatsegula mu 1896 ndipo poyamba kankayendera madzi, ankathira madzi m'thanki ya bogi yakumtunda kuti ilemere ndiye ikamatsika imakoka inzake yakumunsi, magetsi anadzabwera mu 1921. Mabogi ndi awiri basi, amaphonyana pakati panjira anthu nkumabayibitsana.

Ife phiri sitilidabwa, amene anayendapo wapansi mpaka Ku Chawe aona ngati chulu chabe, njanji yakenso ndi mamita 237 okha. Koma kamayenda pang'onopang'ono zedi ndipo ubwino wake ndi umenewo, ukakhala motsamira kuphiri nyanja ya Cardigan Bay imangotambasuka pamaso pako mmene mukukwera, madenga a nyumba akutsalira pansi.

Pamwamba ndiye mbiri yonse ya tauni umaiwona ndi maso. Uko kunsonga kuli mabwinja a linga lomwe mfumu Edward I inayamba kumanga mu 1277, asilikali a Cromwell, mtsogoleri wankhondo wa ku England, anadzaliphwasula mu 1649, pafupi pake pali Old College pomwe yunivesite yawo inayambira mu 1872. Koma chomwe chinanditenga mtima ine ndi camera obscura, kachipinda kamdima kokhala ndi galasi padenga, chithunzi cha kunja chimagwera patebulo lozungulira ndipo umaona magalimoto akuyenda, mafunde akuswa, anthu akuyendetsa agalu awo, zonsezi popanda kompyuta kapena sikirini iliyonse. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali osafuna kutuluka, ana angasangalale nazo kwambiri.

Kachakudya kalipo pa cafe yapamwambapo, tiyi wotentha amathandiza chifukwa mphepo yake si yocheza ayi, tengani jekete ngakhale kuli dzuwa. Kukakhala chifunga dikirani tsiku lina, mungolipira tikiti osaona kanthu.

Potsika ine ndikuti yendani wapansi ngati mawondo ali bwino, kanjira kake nkokhotakhota koma nkabwino, ndipo mukafika pansi mukapeza kachitsulo kumapeto kwa msewu komwe ophunzira apayunivesite amakamenya ndi phazi mwamwambo wawo, kamenyeniko nanunso.