Sefa ya Pansi pa Sinki: Zimene Ndaona Patatha Chaka Chimodzi

Kwa zaka ziwiri ndinkadalira jagi yosefera madzi, ija yokhala ndi kasefa ka makala mkati, ndipo ndinali wokhutira chifukwa fungo la klorini linatheratu. Koma nditatumiza ku labotale mabotolo awiri, lina la madzi a pampopi ndi lina la madzi a m'jagimo, zotsatira zinasonyeza kuti fluoride, mchere wina wopezeka m'madzi umene ukachuluka umathimbiriritsa mano, anali wofanana m'mabotolo onse awiri, komanso anali wopitirira mamiligalamu 1.5 pa lita, womwe ndi mlingo umene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati usapyoledwe. Makala amagwira klorini ndi fungo, koma fluoride amangodutsa. Kuwiritsa madzi nakonso sikuthandiza, chifukwa chimene chimachoka ndi nthunzi yokha, ndipo fluoride yense amatsalira m'madzi ochepa amene atsala mumphika.

N'chifukwa chake ndinagula sefa ya mtundu wa reverse osmosis, yomangirira pansi pa sinki. Madzi amayamba adutsa m'kasefa kotchinga matope ndi dzimbiri, kenako m'makala, ndipo pomaliza amakankhidwa kudutsa pa nembanemba ya timabowo tating'onoting'ono imene imatsekereza fluoride, mtovu ndi mchere wina wosungunuka. Makalawo saikidwa kutsogolo mwachisawawa: klorini amawononga nembanembayo, choncho munthu wozengereza kusintha kasefa ka makala amaphetsa chiwalo chodula kwambiri pa makina onsewo.

Pa ntchito imene ndinaigulira, sefayi sinandigwiritse mwala. Nditayezetsanso madzi patapita miyezi itatu, fluoride anali atatsika kutali ndi mlingo uja, ndipo ketulo yathu, imene kale inkachita zoyerayera pansi, tsopano imakhala yoyera ngati yatsopano. Mtima wanga unakhala pansi makamaka chifukwa cha ana, popeza fluoride wochuluka amathimbiriritsa mano pamene akupangika, mwana asanakwane zaka 8, ndipo mawangawo sachoka ndi mswachi.

Zodandaulitsa zilipo ndithu, ndipo wogulitsa sanazitchule n'komwe. Sefayi imataya madzi ambiri: pa lita imodzi yakumwa, malita atatu kapena anayi amapita kungalande, moti usiku kunyumba kukakhala zii ndimamva madzi akuchucha m'kapaipi kotayira. Ndinachita kulowetsa kapaipiko mundowa kuti madziwo tizikolopera. Imafunanso madzi otuluka mwamphamvu. Akamabwera mofooka, kathanki kake kamatenga maola kuti kadzaze, ndipo pamafunika pampu. Tisefa toyambirira timasinthidwa pakatha miyezi 6 mpaka 12, pamene nembanemba imatha zaka ziwiri kapena zitatu. Kukoma kwa madziwo n'kozizira, chifukwa kashiamu nayenso amachotsedwa, ngakhale kuti ine ndinazolowera sabata isanathe.

Sindingalimbikitse aliyense kugula asanayezetse madzi ake. Fluoride wochepa amateteza mano kuti asabooke, ndipo mpake kuti mzinda wa Grand Rapids ku America unayamba kumuthira dala m'madzi mu 1945. Mu 2015 dzikolo linalangiza mlingo wa mamiligalamu 0.7 pa lita. Amene madzi ake ali pamenepo ndipo vuto lake ndi fungo lokha, jagi ya makala imukwanira. Koma amene akufunadi kuchotsa fluoride ayang'ane pa katoni chizindikiro cha NSF/ANSI 58, chosonyeza kuti sefa ya reverse osmosis inayesedwa, kenako awerenge mndandanda wa zinthu zimene sefayo inayesedwa kuti imachotsa, chifukwa si sefa iliyonse ya chizindikirochi imene inayesedwa pa fluoride.