Kupolisha galimoto yoyera: rotary kapena dual action?

Penti yoyera ikapsa ndi dzuwa imatuwa, ndipo mukaikhudza imasiya ufa ngati choko pachala. Zimenezi zimaoneka kwambiri pa magalimoto opanda clear coat (penti yoonekera mkati imene amapaka pamwamba kuti iteteze mtundu), monga ma Toyota ambiri opakidwa penti yoyera yotchedwa Super White 040. Penti yotereyi ndi yolimba chifukwa cha mankhwala oyeretsa penti otchedwa titanium dioxide amene ali mkati mwake.

Pochotsa penti yakufayi timapolisha ndi makina a rotary kapena a dual action. Makina a rotary amazungulira malo amodzi, choncho amadya penti yakufayo mwachangu. Koma amatenthetsa. Mukangochedwa pang'ono m'mphepete mwa boneti kapena chitseko, penti imapsa mpaka kuonetsa zapansi, ndipo zikatero palibe kubweza. Amasiyanso timizere take tonyezimira.

A dual action amazungulira kwinaku akugwedezeka, motero satenthetsa kwambiri. Pa penti yolimba amachedwa ndithu, koma timizere tozungulira tobwera chifukwa chotsuka ndi nsanza yamchenga amatichotsa bwino. Pa galimoto yoyera timizereti timabisala, ndiye muziunika ndi tochi.

Ine ndimalangiza woyamba kumene kuti agwire dual action, ndipo azitsuka siponji ya makinawo pafupipafupi chifukwa ufa uja umaitseka msanga. Rotary muisiyire amene manja ake anazolowera.