Ndemanga: chigayo cha madzi cha Houghton Mill ndi ufa wake

Houghton Mill ndi chigayo choyendera madzi cha m'mudzi wa Houghton, pakati pa Huntingdon ndi St Ives m'chigawo cha Cambridgeshire ku England. Chili pakachilumba mumtsinje wa Great Ouse, ndipo mwa zigayo zonse zomwe zidali mumtsinjewu, chatsala chikugayabe ndi chokhachi. Ochisamala ndi a National Trust, bungwe losamalira nyumba ndi malo akale. Ulendo wokachiona ndi ufa womwe amagulitsa, zonse n'zoyenera ndalama yanu, koma pitani tsiku lomwe akugaya. Chikaima ndi nyumba ya matabwa ndi zitsulo chabe. Chikamayenda m'pamene mumazindikira chifukwa chake mtanda uliwonse uli pomwe ulipo.

Tichotseretu chisokonezo chimodzi. Angerezi akamati corn mill satanthauza chimanga ayi. Pano amagaya tirigu, choncho musapite ndi maganizo okagula ufa wa nsima.

Mbiri yake ndi yaitali, ndipo zikwangwani za mkatimo zimaifotokoza bwino. Zolembedwa zimatchula chigayo m'derali kuyambira 974, ndipo eni ake adali amonke a ku Ramsey Abbey. Anthu olima m'minda ya amonkewo ankakakamizidwa kugayitsa pomwepa, mwini chigayo n'kumatapa gawo la ufa ngati malipiro. Mu 1500 mkulu wa amonke adapatutsa madzi a mtsinje kuti chigayo chizipeza mphamvu yokwanira, madziwo n'kusefukira m'mudzi. Anthu adaukira, koma padatenga zaka 15 kuti aloledwe kumasintha njira ya madzi pakagwa ngozi. Mfumu Henry VIII itatseka nyumba ya amonkeyo mu 1539, chigayo chidapita m'manja mwa mfumu. Nyumba imene mukuiona lero si ya nthawi imeneyo. Idalowa m'malo mwa ina yomwe idapsa m'zaka za m'ma 1600, ndipo idakulitsidwa m'zaka za m'ma 1800.

Dzina lomwe mudzalimve kwambiri ndi la Potto Brown, yemwe adabadwa mu 1797 ndi kumwalira mu 1871, ndipo ankayendetsa chigayochi ndi mnzake Joseph Goodman. M'masiku awo magudumu a madzi adali 3, akuyendetsa mapeya 10 a miyala yogayira. Chipilala cha nkhope ya Brown chili pabwalo la mudzi, mtunda woyenda pansi kuchokera pachigayo. Iye yemweyo adakamanganso chigayo choyendera nthunzi ku St Ives, chizindikiro choti madzi okha sadali kukwanitsanso ntchito. Chomwe chidapha zigayo za mtundu uwu ndi makina ogaya ndi zitsulo zogudubuzika, omwe adafala ku Britain m'zaka za m'ma 1870 ndi 1880. Ankatulutsa ufa woyera, wochuluka, wotsika mtengo, kuchokera ku tirigu wolimba wobwera pa sitima kuchokera ku America. Houghton idasiya kugaya cha m'ma 1930, magudumu n'kuchotsedwa. Anthu a m'mudzimo adagula nyumbayo kuti isagumulidwe, ndipo idaperekedwa kwa a National Trust. Kuyambira 1935 mpaka 1983 idali malo ogona achinyamata apaulendo, ndipo fodya adali woletsedwa chifukwa choopa moto. Kugaya ndi madzi kudabwerera mu 1999.

Tsopano nyumbayo. Pansi ndi njerwa, chifukwa ndi pomwe pamakhudza madzi ndi chinyontho. Pamwamba ndi mitanda ya mitengo yokutidwa ndi matabwa opingasa, lapamwamba kuphimba m'mphepete mwa lapansi kuti mvula izitsetsereka. Matabwa ndi opepuka pa maziko a m'dambo, komanso amalola nyumba kunjenjemera pang'ono osang'ambika monga chichitira chipupa cha njerwa. Miyala ikamazungulira mumamva nyumba yonse ikunthunthumira kumapazi. Musachite mantha, idamangidwira zomwezo.

Langizo lathu ndi loti mukwere kaye mpaka pamwamba penipeni, kenako muzitsika motsatira tirigu. Chigayo chotere chimakweza katundu kamodzi kokha, zotsalazo amangogwa yekha. Thumba limamangidwa ndi tcheni pansi, mphamvu ya gudumu lomwelo n'kulikoka kudutsa tizitseko ta pansi pa chipinda chilichonse. Tizitsekoti timatsegukira m'mwamba, thumba likadutsa timadzitsekera tokha, ndiye wogaya amangowerenga kulira kwa tizitseko tikamatsekeka kuti adziwe pomwe thumba lafika. Pamwamba tirigu amakhuthulidwira m'mabokosi akuluakulu a matabwa. Kuchoka apo amatsikira ku chipinda cha miyala, ufa n'kutsikira ku chipinda chapansi komwe umalowa m'thumba.

Chipinda chapansicho ndiye choyenera kukhalamo nthawi yaitali. Great Ouse ndi mtsinje wa m'chigwa, madzi satsika kwambiri, motero sagwera pamwamba pa gudumu monga m'zigayo za kumapiri. Amalikankha cha m'munsi, ndipo mphamvu imachokera m'kuchuluka kwa madzi, osati m'kutalika kwa pomwe akugwera. Wogaya amakweza kapena kutsitsa chitseko cha madzi kuti awonjezere kapena kuchepetsa liwiro. Gudumu lotere limazungulira kosakwana ka 10 pa mphindi, pomwe mwala umafuna pafupifupi ka 120. Ntchito ya magiya ili pamenepo. Monga m'zigayo zambiri za ku England, giya yaikulu yomwe ili pa shafiti ya gudumu imalumana ndi giya yaing'ono yopendeka mano, imene imasandutsa kuzungulira kwa choimirira kukhala kwa chogona n'kuyendetsa shafiti yoimirira. Pa shafiti imeneyo pali giya ina yotambalala, ndipo m'mbali mwake muli timagiya ting'onoting'ono, kalikonse ka peya imodzi ya miyala. Kagiya kotere kakachotsedwa pamalo, peya yakeyo imaima pomwe zina zikugwirabe ntchito.

Yang'anitsitsani mano a magiya. M'zigayo zakale giya yachitsulo imalumana ndi giya ya mano a mtengo, kawirikawiri mtengo wa apulo kapena mtengo wina wolimba wosachedwa kusalala. Zifukwa zake n'zomveka. Phokoso limachepa, moto suthetheka m'nyumba yodzaza fumbi la ufa, ndipo china chake chikatsekereza makina, dzino la mtengo ndi lomwe limathyoka. Dzino limodzi mmisiri amalisema n'kulikhomera tsiku lomwelo, pomwe giya yachitsulo ikasweka muyenera kuumbitsa ina. Ndi nzeru yomweyo ya fyuzi pa magetsi.

Amene adaperapo mawere kapena mapira pamphero sadzavutika kumvetsa miyala. Wapansi sumayenda, wapamwamba ndiwo umazungulira. Kukula kwake ndi pafupifupi mamita 1.2 m'mimba mwake, ndipo wapamwambawo umalemera pafupifupi tani imodzi. Kusiyana kwake ndi mphero n'koti miyalayi siyenera kukhudzana. Pankhope pa uliwonse pali mizere yosemedwa, ndipo mizere ya mwala wapamwamba ikamapingasa ya wapansi imadula njere ngati sizasi, kwinaku ikukankhira ufa kunja ndi kulowetsa mpweya woziziritsa. Zigayo za ku England zinkagwiritsa ntchito mitundu iwiri makamaka. Wa ku Derbyshire, chigawo cha ku England komweko, ndi mwala umodzi wathunthu, wamchenga, umatha msanga, ndipo unkagaya balere ndi chakudya cha ziweto. Wa ku France, wochokera kufupi ndi tauni ya La Ferté-sous-Jouarre, ndi wolimba kwambiri, umabwera m'zidutswa zomwe amazilumikiza n'kuzimanga ndi malamba achitsulo, ndipo ndiwo wa ufa wa buledi. Mukaona mwala wooneka ngati wophatikizaphatikiza mwadziwa kuti ndi wa ku France.

Pamwamba pa miyala pali bokosi lothiramo tirigu, ndipo pansi pake pali kangalande ka thabwa kopendeka. Kachitsulo komangidwa pakati pa mwala wozungulira kamagunda kangalandeko, tirigu n'kumagwa pang'onopang'ono m'bowo la pakati. Mwala ukathamanga kugundako kumachuluka, tirigu wogwa amachulukanso. Palibe kompyuta, koma makina akudziyeza okha. Phokoso la kachitsuloko ndi lomwe mumalimva m'nyumba monse.

Zovuta za chigayo chotere n'zodziwika, ndipo n'zomwe zimasiyanitsa wogaya waluso ndi wongoyerekeza. Choopsa kwambiri ndi miyala kuzungulira yopanda tirigu. Imakhudzana, mizere imafafanizika, mchenga umalowa mu ufa, ndipo moto ukhoza kuthetheka. N'chifukwa chake zigayo zambiri zili ndi kabelu komangidwa ku lamba wachikopa mkati mwa bokosi la tirigu. Tirigu akatsala pang'ono lamba amamasuka, kabelu n'kuyamba kulira. Mpata wa pakati pa miyala nawo umafuna kuusintha nthawi ndi nthawi, chifukwa liwiro likakwera mwala wapamwamba umakonda kudzuka, ufa n'kutuluka wokhakhala. Mpata ukachepa kwambiri ufa umatuluka wotentha, wa fungo lopserera. Wogaya amatapa ufa pomwe ukutulukira, n'kuufikisa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kenako amakweza kapena kutsitsa mwala ndi chogwirira chake. Tirigu wonyowa ndi vuto lina. Chinyontho chikapitirira kwambiri maperesenti 14, ufa umamatirira m'mizere ngati phala, miyala imatsetsereka osadula, ndipo palibe chochitira koma kuimitsa, kunyamula mwala wapamwamba ndi kupala.

Mizere ikabuntha mwala umasemedwanso. Mmisiri amapaka utoto wofiira pa thabwa lowongoka bwino, n'kuliyendetsa pankhope ya mwala. Pomwe utoto watsalira ndi pokwera, ndipo amapasema ndi kachitsulo kakuthwa mbali zonse ziwiri kolowetsedwa m'chogwirira cha mtengo. Ndi ntchito ya masiku, yogona chammbali, ndipo amisiri ake atsala ochepa.

Vuto lomwe alendo ambiri salimvetsa ndi la madzi ochuluka. Munthu amaganiza kuti mtsinje ukadzaza chigayo chithamanga. Ayi. Madzi akakwera kumunsi kwa gudumu, kusiyana kwa madzi a kumtunda ndi a kumunsi kumatha, gudumu limamira n'kumalemera. Great Ouse imasefukira kawirikawiri m'madambo ozungulira Houghton, choncho kugaya ndi madzi kumadalira mmene mtsinje ulili tsikulo. Onani pa intaneti masiku otsegula ndi masiku ogaya musananyamuke, makamaka mvula ikagwa masiku otsatizana. M'nyengo yozizira chigayo chimakhala chotseka.

Ufa wake ndi mgaiwa wa tirigu. Njere yonse imalowa, madeya ndi mtima womwe, ndiye ndi wofiirira, wonunkhira, wa timadontho tooneka. Ubwino wake ndi womwewo umene umaufupikitsa moyo, pakuti mafuta a mumtima wa njere amawonongeka. Gulani wokwanira miyezi iwiri kapena itatu, muusunge m'chidebe chotseka bwino pamalo ozizira, wotsala muike mufiriza. Ukayamba kununkha ngati mafuta akale ndi kuwawa pa lilime, watha ntchito.

Pophika musautenge ngati ufa woyera wa m'sitolo. Pa magalamu 500 a ufa thirani madzi ofunda mamililita 350 mpaka 375, yisiti wouma magalamu 7 ndi mchere magalamu 10. Sakanizani ufa ndi madzi okha kaye, musiye mphindi 30 kuti madeya amwe madzi, kenako muike yisiti ndi mchere n'kukanda mphindi 10. Ambiri amalakwa pamenepa. Amaona mtanda ukumata m'manja n'kuwonjezera ufa, buledi n'kutuluka ngati njerwa. Nyowetsani manja m'malo mowonjezera ufa. Mtandawu umafufuma msanga koma sukwera kwambiri, chifukwa madeya amadula ulusi womwe umagwira mpweya, ndipo ukausiya nthawi yaitali umaphwa mu uvuni. Ukangotsala pang'ono kuwirikiza kawiri m'chitini, ulowetseni pa madigiri 220 kwa mphindi 35 mpaka 40. Ofuna buledi wopepuka asakanize theka ndi theka ndi ufa woyera wa buledi. M'masikono ndi m'zitumbuwa za tirigu ufawu ndi wabwino kwambiri, bola muwonjezere mkaka pang'ono. Mandasi a ufawu wokha amalemera ndipo amamwa mafuta, choncho pamenepo musapitirize gawo limodzi mwa magawo anayi.

Masitepe a mkati ndi otsetsereka ndipo mitanda ina ndi yotsika, monga m'nyumba iliyonse yomangidwira matumba osati alendo. Valani nsapato zogwira pansi, ana aang'ono muwagwire dzanja, ndipo potsika muziyang'ana kumasitepe ngati mukutsika makwerero. Amene amavutika ndi mawondo adzapezabe zambiri m'chipinda chapansi, poti magiya ali komweko. Ola limodzi ndi theka limakwana kuona mkati mosathamanga. Njira ya anthu oyenda pansi imadutsa pachigayo pomwepo kupita kumadambo a mudzi wa Hemingford Abbots, ndipo mukafika tsidya linalo mutembenuke. Ndi pamenepo pomwe nyumba yonse imaoneka bwino, njerwa pansi, matabwa pamwamba, madzi akutuluka kunsi kwake.